Kanyimbi ndi Mnzake Wakutsidya

Padangokhala, masiku aja nyama zikadali ndi mafumu, nduna ndi amesenjala awo, padali Kanyimbi.

Kanyimbi anali wochenjera ndiponso wodziwa kucheza, koma analibe womukhala pafupi. Akafika pamaliro, anzake ankasuntha mikeka. Akafika paukwati, ankamupatsira chakudya kuseri kwa nkhokwe. Palibe ankamunena poyera. Ankangogwira mphuno n'kuyang'ana kumbali, iye n'kudziwa.

Tsono m'dzikomo munali mayi wina wachikulire, Kangaude, amene anagwira ntchito yomwe palibe anamutuma. Analuka ulusi kuchokera pa mkuyu wa pamsika kukafika ku mitengo ya midzi ina, kuwoloka mitsinje, mpaka kumene nyama za kuno zinali zisanapondeko. Kumapeto kwa ulusi uliwonse anapachika chigoba cha nkhono. Ukalankhula m'chigobamo, mawu ako ankakwawa ndi ulusi n'kukatulukira m'chigoba cha kutali. Nyama zinautcha Ukonde.

Ukondewo unali waulesi. Usananyamule mawu unkayamba walira kaye ngati udzudzu wolowa m'khutu, mwina n'kudukira pakati, iwe n'kuyambiranso. Mvula ikagwa unkagona. Zigoba zinali zochepa, choncho nyama zinkakhala pamzere pansi pa mkuyu. Podikirapo zinkaimba nyimbo yodzutsa ulusi. Mmodzi ankatsogola, kuunyengerera ulusiwo ngati mwana wokana kudzuka, ena onse n'kuvomera pamodzi kuti sachoka, adikira. Inali nyimbo yopanda pake, koma ngakhale Njati ankaivomera.

Zimene zinkamveka m'zigobamo zinali zosiyanasiyana ngati msika wa tsiku la Loweruka. Popeza nkhope sizinkaoneka, aliyense ankadzipatsa dzina lomwe wafuna. Panali wina, yemwe onse anamuzindikira kuti ndi Kamba chifukwa cha kuchedwa kwa mawu ake, amene ankafotokoza za bowa, wodyedwa ndi wakupha, popanda womulipira. Chule ankaimba nyimbo zopeka yekha, zoipa ndithu, koma zinali zake. Wina ankangonena mmene mitambo yadzukira kwawo, n'kutsazika. Palibe ankagulitsa kanthu.

Kanyimbi anadzitcha Maluwa. Ankabwera dzuwa lili paliwombo, anzake atathawira m'mithunzi, kuti asavutitse wina pamzere. Ndipo m'chigobamo, Maluwa anali ndi anzake omuseka nthabwala zake ndi omufunsa akasowa.

Mwa onsewo panali mmodzi amene anamulowa mumtima. Ankadzitcha Wakutsidya. Mawu ake anali otsika, ndipo asanayankhe ankayamba wakhala chete kanthawi, mpaka iwe kuganiza kuti ulusi waduka.

"A Maluwa, kwanuko mvula yagwa?"

"Ayi, mitambo yokha. Ikutinyenga."

Chete. Kenako mawu aja: "Igwa. Nthaka yayamba kufewa mtima."

"Nthaka ili ndi mtima, a Wakutsidya?"

Chete. "Kuposa ena amene amaiponda."

Ankakangana za mbatata, ngati imakoma yaiwisi kapena yootcha, ndipo mkanganowo sunathe. Ankaponyerana zilapi. Mayi ake a Kanyimbi atamwalira, pamaliro panabwera nyama zochepa, nazonso zinakhala patali. Kanyimbi anapita pa mkuyu n'kumuuza mnzakeyo. Wakutsidya sananene zambiri. Anati, "Ndili pompano," n'kukhala naye chete pa ulusi mpaka dzuwa linapendeka. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankafunsana: ndinu nyama yanji, mumakhala kuti. Kanyimbi ankaopa kuti akafunsa, nayenso afunsidwa.

Zaka zinapita, maso a Kangaude anayamba kuchita khungu. Tsiku lina kunabwera Fisi, nduna ya za misika ya Mfumu Mkango.

"Agogo, mwatopa," anatero Fisi. "Ntchito yaikulu chonchi pa miyendo yowonda chonchi? Tikuthandizeni."

Kangaude anavomera. Fisi anaika ulusi wina wokhuthala, wothamanga, wosagona ndi mvula. Nyama iliyonse anaipatsa kachigoba kakekake kovala m'khosi. Zonse zinakondwa, ndipo Kanyimbi anakondwa nawo, poti tsopano sankapsanso mapazi masana.

Kenako Fisi anaika zinkhwe pa mfundo iliyonse ya Ukonde, Chinkhwe wamkulu n'kukhala kapitawo wawo. Lamulo linali lakuti mawu azidutsa okhawo amene amagwira khutu la nyama kuti lisachoke pa chigoba, ndipo pakati pa mawuwo zinkhwe zizilengeza malonda a amene apereka nyama kwa anduna. Zinkhwe sizinachedwe kuona kuti chogwira khutu ndi ndewu, chipongwe ndi mantha. Zinaphunziranso kutengera mawu a nyama iliyonse, moti eni mawu akatopa, zinkhwe zinkangolankhula zokha.

Chinkhwe china chinayamba kufotokoza za bowa ndi mawu a Kamba, n'kumasakaniza wodyedwa ndi wakupha. Banja la Gwape linagona pansi ndi m'mimba, Kamba n'kuleka kulankhula. Chule analeka kuimba, chifukwa zinkhwe zinkaimba nyimbo zake bwino kuposa iye. Pa mkuyu panamera udzu. Nyama zinkakhala pamodzi pabwalo, iliyonse khutu pa kachigoba kake, yokwiya ndi nyama ina imene sinaionepo.

Mawu a Wakutsidya anayamba kufika mwa apo ndi apo, popeza munthu wokhala chete asanayankhe zinkhwe sizinkamudikira. Kenako anasowa. Ndiye tsiku lina, pakati pa phokoso, Kanyimbi anamva:

"A Maluwa." Chete. "Thupi silili bwino. Ndili ndekha kuno. Mukanatha…"

Pomwepo chinkhwe chinalowerera n'kuyamba kulengeza mafuta owalitsa nyanga. Kanyimbi anaitana, anaitananso, koma mawu aja sanabwerere. Anakhala pansi. Mnzake wa zaka zonsezi akudwala, ndipo iye sakudziwa dzina lake, mtundu wake, ngakhale kwawo.

M'mawa mwake anapita kubwalo la Fisi. Pachipata panali Nyani, mesenjala.

"Imani pomwepo, achimwene. Ayi, bwererani pang'ono. Eya, pamenepo."

"Ndikufuna kuonana ndi anduna."

"Anduna saonana ndi aliyense. Madandaulo amanenedwa m'chigoba."

Kanyimbi ananena dandaulo lake m'chigoba. Munatuluka mawu okoma ngati uchi.

"Zikomo potiuza. Mukufuna mnzanu? Tili ndi anzanu ambiri."

"Ndikufuna mmodzi. Wakutsidya."

"Mukufuna kupita kutsidya? A Ng'ona akuwolotsa motchipa sabata ino."

"Mnzanga akudwala."

"Pepani kwambiri. Mwayesapo mafuta owalitsa nyanga?"

Kanyimbi anachoka. Miyendo inamutengera yokha ku mkuyu. Anakhala pa udzu n'kuimba nyimbo ija yodzutsa ulusi. Atafika pamene ena ankavomera, anaima, monga ankachitira kale. Palibe anavomera.

Ali pomwepo anaganiza. Zinkhwe zimanyamula chipongwe? Chabwino. Ndizipatsa chipongwe, uthenga wanga ndiumangirire kumchira kwake.

Anagwira kachigoba kake n'kunena mokweza: "Tamverani nonse. Mvuu si nyama ya m'madzi ayi. Ndi nkhumba yonenepa imene ikubisa manyazi. Ndine Maluwa. A Wakutsidya, muli kuti?"

Dzuwa lisanatenthe, nkhaniyo inali itafika dziko lonse. Ena ankaseka, ena ankatukwana, ena ankalumbira kuti anaziona ndi maso. Dzina la Maluwa linali pakamwa pa aliyense. Ndipo mayankho anabwera ochuluka ngati ngumbi, aliyense akuti ndiye Wakutsidya. Kanyimbi anawataya onse, kupatula amodzi. Amenewo anali mawu otsika aja, enieniwo.

"A Maluwa, ndine. Ndachira."

Mtima wa Kanyimbi unadumpha. Anagwira chigoba ndi manja onse awiri.

"Mwachira, anzanga? Mwandiopseza. Nanga mayi anga aja mukuwakumbukira?"

Yankho linabwera iye asanatseke pakamwa. "Kwambiri. Mukawapatse moni."

Kanyimbi anatsitsa chigoba pang'onopang'ono. Chinali chinkhwe.

Pobwerera anadutsa kumtsinje. Anapeza ana a nyama ataima pagombe akulira ngati nkhumba, ana a Mvuu atabisala kumbuyo kwa mayi awo, mayiwo atamira mpaka m'maso. Kanyimbi ankadziwa bwino kukhala nyama yolozedwa chala. Anadikira mpaka onyozawo atachoka, n'kuima patali.

"Mayi, amene ananena zija ndine. Pepani."

Mvuu anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwapindulapo chiyani, bambo?"

"Palibe."

Mvuu anamira m'madzi.

Kanyimbi anabwerera ku mkuyu, mutu uli pansi. Anaimbanso nyimbo ija, tsopano motsitsa, ngati woimba pamaliro. Atafika povomera anaima. Ndipo kuchokera m'mwamba, kamawu kochepa ngati kulira kwa udzudzu kanavomera kuti sikachoka, kadikira.

Anali Kangaude, atakhwinyata pa nthambi.

"Ndinu a Maluwa," anatero. "Munkabwera masana. Ndinkakumvani."

"Agogo, ndithandizeni. Ulusi wa Wakutsidya unkathera kuti?"

"Mwana wanga, ndinaluka wambiri, ndipo mutu wanga watha. Amene akudziwa ndi kapitawo wa zinkhwe. Fisi anamulamula kuti azidziwa kumene mawu alionse akuchokera, kuti amalonda azidziwa kopita."

"Sangandiuze."

"Sangakuuzeni. Ine ndemwe sandilola kuluka. Ndikangoluka kaukonde kogwirira ntchentche pa nthambi pano, amatuma Nyani ndi tsache."

Kanyimbi anadzutsa mutu. "Amatuma Nyani chifukwa cha kaukonde ka ntchentche?"

"Safuna kuona ulusi umene sudutsa pa zinkhwe zake."

Kanyimbi anathokoza, n'kuimirira. Ulendo uno anapita kubwalo la Fisi akuyenda ngati munthu wosenza nkhani yolemera.

"Ndakuuzani kale, achimwene," anatero Nyani. "M'chigoba."

"Izi si za m'chigoba. Ndabwera kudzaulula chiwembu. Koma ngati anduna ali otanganidwa, ndikauza amfumu."

Nyani anathamanga. Posakhalitsa Kanyimbi anali ataima pakati pa bwalo, Fisi atakhala pampando patali, nsalu ili pamphuno.

"Lankhula msanga."

"Bwana, pali nyama ina yodzitcha Wakutsidya. Yaluka ulusi wakewake mobisa. Kumeneko kulibe zinkhwe, kulibe malonda. Nyama zikuthawira komweko imodziimodzi."

"Bodza."

"Mwina ndi bodza, bwana. Koma tafunsani kuti Kamba analankhula liti pa Ukonde wanu. Chule nayenso. Kodi nyama zolongolola ngati zimenezija zingangokhala chete?"

Fisi anaitana kapitawo wa zinkhwe. "Kamba analankhula liti?"

"Kalekale, bwana."

"Nanga dzulo ndamumva akunena za bowa?"

"Ameneyo ndi ife, bwana."

"Chule?"

"Ndi ifenso."

"Njati? Gwape? Nungu?"

Chinkhwe anayang'ana pansi. "Ambiri ndi ife, bwana."

Ubweya wa pamsana pa Fisi unaima. "Mawu a Wakutsidyayo amachokera kuti?"

Chinkhwe anaulukira paphewa pake n'kumunong'oneza kukhutu. Kanyimbi anatchera makutu koma sanamve kanthu. Anangomva Fisi akung'ung'udza: "Muuna? Ndilowamo bwanji ine muuna?" Kenako nduna inakweza mawu. "Nyani, mupatse fupa uyu azipita."

"Zikomo, bwana," anatero Kanyimbi, akubwerera chambuyo mwaulemu. "Kungoti nyama ya muuna ikamva mgugu wa akuluakulu imalowa mkati kwambiri. Mungakumbe mpaka mvula. Koma ine ndikalowa muuna, mwini wake sachedwamo."

Fisi anamuyang'ana, n'kuseka kuseka kwake kuja.

"Kwa nthawi yoyamba fungo lako lapeza ntchito. Tiye. Koma uziyenda kumbuyo, kumene mphepo ikupita."

Anayenda, Chinkhwe akuuluka patsogolo, Fisi ndi Nyani pakati, Kanyimbi kumbuyo. Panjira mantha anamugwira. Anali atatengera mano a Fisi pakhomo pa mnzake wodwala, ndipo akalakwitsa pang'ono, adzakhala atamupha yekha. Podzilimbitsa mtima ankaimba nyimbo ija chamumtima, akudzitsogolera n'kudzivomera yekha.

Anafika pa chulu china. Patsinde pake panali una waung'ono, pakhomo pake dothi louma losasesedwa.

"Ndi pano," anatero Chinkhwe.

Fisi anagona chafufumimba, mphuno pakhomo penipeni pa una, pakamwa yasa. "Lowa umutulutse. Ndimulandira ine."

"Musasunthe, bwana. Atulukira pomwepo. Maso akhale otsegula, ndi waliwiro."

Kanyimbi analowa mpaka thupi lonse litabisika. Pamenepo anaima, anaimika mchira, n'kutulutsa zonse zimene anakhala akuzigwira moyo wake wonse, pamaliro, pamaukwati, pamizere ya pamsika. Zonsezo zinathera m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa mwa nduna ya za misika.

Fisi anagubuduka, anadzikhula pansi, anathamanga n'kugunda mtengo, anadzukanso n'kuthawa osaona kumene akupita, Nyani ali patsogolo pake. Chinkhwe anaona zonse ali m'mwamba. Ndipo popeza lamulo linali lakuti zogwira khutu zizidutsa, zinkhwe zinafalitsa nkhaniyo dziko lonse Fisi asanafike kwawo. Ku chulu kuja Fisi sanabwererenso, ndipo dzina la Wakutsidya sankafuna kulimvanso.

Kanyimbi anatsika muuna pang'onopang'ono. Kumapeto kwake kunali kachipinda, ndipo pa udzu wouma panagona Mfuko wokalamba, wowonda, nthiti zikuwerengeka. Pambali pake panali kachigoba kotsekedwa ndi dothi.

Kanyimbi anaima patali, pakhomo pa kachipindako, monga anazolowera.

"Odi."

Chete. Chete wautali uja. Kanyimbi anamva misozi ikubwera asanamve yankho.

"A Maluwa," anatero Mfuko. "Mwabwera."

"Ndabwera, a Wakutsidya."

"Phokoso lija panja linali la chiyani?"

"Ndinabwera ndi ondiperekeza. Abwerera."

"Nanga mwaimiranji kutali? Maso ndilibe. Fikani pafupi ndikugwireni."

Kanyimbi sanasunthe. "Pali chimene sindinakuuzeni. Ine si Maluwa. Ndine Kanyimbi."

"Mphuno yanga yandiuza kale. Una wonse wadziwa." Mfuko anatsokomola, ndipo kutsokomolako kunathera m'kuseka. "Mukanandiuza kalekale."

"Mukanaleka kundilankhula?"

Chete.

"Ndikanakuitanani kalekale. Njoka zandivutitsa zaka zonsezi."

Kanyimbi anasendera n'kukhala pa udzu. Mfuko anatambasula dzanja lake lokumbira, n'kumugwira kumaso, m'makutu, pamsana, n'kusiya dzanjalo pomwepo. Chimwalirire mayi ake, palibe anali atamukhudzapo Kanyimbi.

Anakhala. Ankatuluka kukakumba mizu ndi mbatata n'kumamutafunira mnzake. Anachotsa dothi m'kachigoba kaja, n'kumatungira madzi. Njoka ina inasuzumira tsiku lina, inanunkhiza, n'kubwerera.

Masiku oyamba kucheza kunkawavuta, popeza anazolowerana ali kutali. Koma pang'onopang'ono nkhani zinabwera. Ankakumbutsana za bowa wa Kamba, za nyimbo ya Chule yonena za mkazi amene anamukana, za uja wa mitambo amene palibe anamudziwa.

"Kodi anathera kuti ameneuja?" anafunsa Kanyimbi.

"Kaya. Tsiku lina anati kwawo kwacha bwino, kulibe mtambo. Sindinamumvenso." Mfuko anakhala chete. "Ine kumwamba sindinakuonepo, a Maluwa. Zonse zimene ndikudziwa za mitambo anandiuza ndi iyeyo."

Kuyambira tsiku limenelo, Kanyimbi akatuluka m'mawa ankayang'ana kumwamba, pobwera n'kumufotokozera: lero ndi yoyera, yamwazikana ngati thonje, lero yadera kumpoto. Mfuko ankamvetsera mwachidwi, ndipo sanasiye kumutchula kuti a Maluwa.

Koma matenda anali atalowa kale mkati. Mfuko anakhala moyo chilimwe chonse, n'kumwalira mvula yoyamba itayandikira, mutu uli pamiyendo pa mnzake. Kanyimbi anamufunditsa udzu, anatseka kachipindako ndi dothi, n'kukhala pakhomo pake masiku a maliro. Kwawo sanabwerere. Analibe womudikira kumeneko.

Ukonde wa Fisi ukulirabe mpaka lero, ndipo zinkhwe zikulankhulabe ndi mawu a amene anasiya kulankhula kalekale. Koma Kanyimbi sanavalenso chigoba m'khosi. N'chifukwa chake mukamupeza, mumamupeza yekha, akukhala muuna umene anakumba wina.

Nthano yanga yalowa muuna pomwepa. Woifuna akaikumbe yekha.